Ngalande Yofika M'chifuwa

3 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi Amayi. Ine kuno ndilipo, kupatula msana womwe wayamba kundikumbutsa kuti zaka khumi ndi ziwiri zonyamula nkhalamba za eni si masewera. Ndalemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Ndikangotchula nkhani yofunika mumayamba "halo, halo, netiweki," koma tsiku loti ndatumiza kangachepe netiweki imagwira mpaka ndimamva tambala wa kwa aneba. Kalata siduka, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Ndikufuna kumanga chipinda changa. Chimene ndinakuliramo munachitenga inu mutakwatira, ndipo sindikudandaula, munthu wapabanja sagona pakhonde. Koma inenso ndakula, sindingamabwere kwathu ngati mlendo woyala pomwe pasala malo. Changacho chimangidwe kuseri, chigundane ndi chipinda cha Amayi, khomo lake lilowere m'nyumba. Zoyambira ndatumiza kale.

Tsono nkhani ya maziko. Pakati pa okalamba amene ndimawasamala pali agogo ena amene ankamanga nyumba moyo wawo wonse. Dzina la mwana wawo amaiwala, koma za maziko saiwala. Ndinawauza kuti kuseri kwathu kumadikha madzi mvula ikagwa, ndipo udzu wake suuma ngakhale m'chilimwe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti pamalo otere ngalande ya maziko ikumbidwe mpaka ipeze dothi lolimba, ndipo munthu akaimamo imufike m'chifuwa, osachepera apo. Ndiye musanathire konkire muimike munthu m'ngalandemo, mumujambule, chithunzicho mutumize pamodzi ndi yankho. Sikuti sindikukhulupirirani, Achimwene. Ndimangokudziwani.

Mundiuze za mawondo a Amayi, ngati mankhwala aja akuthandiza. Muwauze za chipindachi mwaulemu, ndikufuna ndimve kuti anati chiyani.

Ndine mlongo wanu wakutali.

29 Meyi

Chemwali,

Landira moni wochokera kuno. Tonse tili bwino, kungoti zinthu zakwera mtengo moti ngakhale moni tayamba kupatsana mowerenga. Alamu ako anapita kwawo kukadwazika bambo awo, ndiye ntchito yako yonseyi ndaisenza ndekha.

Kalata yako ndawerenga mpaka pansi monga unalamulira. Mawu oti umangondidziwa andilasa mtima. Ine yemwe ndinamanga khola la nkhuku lija lomwe mpaka lero anthu amaima pamsewu kuliyang'ana, ungandiphunzitse maziko kudzera mwa nkhalamba yoiwala mwana wake? Komabe ndine mkulu wako, ndakhululuka.

Mmisiri ndamupeza, zingwe tamanga, ngalande takumba. Chithunzi ndi chimenecho. Udzionere wekha, m'chifuwa ndendende. Ukawaonetse agogo akowo, mwina akumbukirako zina.

Vuto lili pa Amayi. Tsiku loyamba kukumba anatulutsa mpando wawo n'kukaukhazika pakati penipeni pa zingwe, akuti pano ayi, pano simumanga. Mmisiri ndi anthu ake anangoima ndi mapiki m'manja, dzuwa likupita. Analankhula zambirimbiri zakalekale, za nthawi ya malemu Bambo, zoti nditati ndilembe mapepala angandithere. Ukudziwa wekha ukalamba. Ine ndikuona ngati sakufuna phokoso pafupi ndi chipinda chawo, kapena angozolowera kukhala popanda iwe. Tinawanyamula ndi mpando womwewo n'kukawakhazika pamthunzi, ntchito inapitirira. Mawondo awo ali bwino ndithu, chifukwa anabwerera okha kawiri.

Simenti yakwera kawiri sabata ino. Uwonjezereko msanga, ngalande yosathira konkire imakopa achule.

Ndine mkulu wako, woyang'anira ntchito.

21 Juni

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi popita kuntchito, ndipo ndinapitirira potsikira. Si za simenti ayi, imeneyo ndatumiza. Ndi za Amayi.

Zoona Amayi angakhale pampando kutchinga chipinda changa? Zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa amayi a anthu ena, kuwawenga zikhadabo, kuwapukuta pakamwa, mtima uli kwa anga. Mankhwala a mawondo awowo amachokera m'manja omwewa. Lero ndapempha kadera ka kuseri, komera udzu, koimba achule, akuti ayi. Ndinalira, Achimwene, sindibisa. Ndinkaganiza kuti akamva adzavina. Chabwino, ndamva. Musawafunsenso, ndipo ndikaimba foni musavutike n'kuwapatsa, ndingalankhule mawu oti ndidzanong'oneze nawo bondo. Inu mangani.

Chithunzi ndachiona. Munthuyo sindikumuzindikira chifukwa chipewa chaphimba nkhope, koma jekete ndi lanu lija la paukwati. Ngalande ikuoneka yakuya, zikomo, mwina ndinafulumira kukuweruzani. Agogo aja ndinawaonetsa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati kwanuko mafosholo ndi aakulu zedi, chifukwa yomwe yagona pambali pa munthuyo ikumuposa. Ndinangoseka, mutu wawo umabwera ndi kupita.

Za khola la nkhuku musazitchulenso. Anthu amaima pamsewu kudabwa kuti chinthu chopendama chotero chikuima bwanji.

Mlongo wanu.

19 Julayi

Chemwali,

Moni wa mafuta kwa iwe. Kuno kuli bwino, Amayi sakundilankhula koma akudya. Usadandaule nazo, mkulu wako ndilipo.

Mmisiri uja ndamuchotsa. Titangomaliza kujambula chithunzi anayamba kuonetsa khalidwe. Anatenga chitsulo chachitali n'kumabaya pansi pa ngalande, ndipo pangodya ina chitsulocho chinalowa chonse, anatsala ndi dzanja lokha. M'malo mongothira konkire n'kuphimba, munthu anayamba kufukula. Anatulutsa mbale zosweka, mabotolo, felemu ya njinga, masipuling'i a bedi, zonse kuziyala pabwalo ngati watsegula kaunjika. Akuti dothi ili ndi lothira, sanaliike Mulungu, ndiye akufuna akumbe mpaka apeze lenileni. Akutinso pafunika miyala, zitsulo zoluka, ndiponso khoma latsopano lisagwirane ndi lakale. Ndinamufunsa ngati tinamulemba ntchito yomanga chipinda kapena yofuna golide. Anatola zida zake, akuti safuna dzina lake liipe. Dzina lakelo amalidziwa ndani?

Mwamwayi ndili ndi mnzanga amene timaonera limodzi mpira, munthu wa manja othamanga. Sayenda ndi levulo yoyezera kuongoka kwa khoma, levulo yake ndi diso. Masiku atatu maziko anatha, pano tili pazenera. Ndipo iyeyu ndi waluso, chifukwa anagumula njerwa zina pakhoma la Amayi n'kulowetsamo zatsopano, kenako anamangirira zonse ndi zitsulo kuti ngakhale kubwere chivomezi zisasiyane. Nyumba imodzi, banja limodzi. Uja wa golide akanakumangira kachisumbu.

Chatsala ndi malata, matabwa, chitseko ndi penti. Ukamatumiza ukumbukire kuti woyang'anira ntchito amayenda pansi, nsapato zatha.

Mkulu wako.

28 Sepitembala

Achimwene,

Moni ngati mukadali moyo. Iyi ndi kalata yachitatu chitumizireni za malata. Foni yanu imalira kawiri kenako imazima yokha, kaya yaphunzira kwa ndani. Zija munalemba za chitsulo cholowa chonse ndazilingalira, ndipo sizikundisangalatsa. Mmisiri amene mwamuchotsa ndi yekhayo amene analankhula zofanana ndi agogo anga oiwala aja.

Ndikufuna zithunzi zitatu: denga, chitseko chili chotseka, ndi pansi. Ngati mwamwalira, muwauze alamu andidziwitse.

Mlongo wanu.

24 Okutobala

Okondedwa Alamu,

Ndayamba ndi moni, ndikhulupirira Mulungu akukusungani kumeneko. Kalatayi mukawerenga muing'ambe, ine simunandimve. Achimwene anu ali moyo, mwinanso akunenepa. Makalata anu atatu ali pansi pa matiresi, ndi kumene ndinawawerengera poyala.

Ine ndinabwerako kwathu mu Ogasiti, bambo atapezako bwino. Ndinapeza chipinda chanu chafoleredwa kale, penti yachikasu, chokongola moti odutsa amafunsa ngati tatsegula sitolo. Koma chitseko chinatseka sabata yoyamba yokha. Pano kuti mulowe mumachita kuchigunda ndi phewa. Ndikamakolopa sindivutika kukankha madzi, amathamangira okha kungodya. Tsiku lina ndinaika lalanje pakhomo, linayenda lokha mpaka pansi pa zenera. Choopsa ndi chakuti pakhoma la Amayi, pamwamba pa bedi lawo, patuluka mng'alu. Poyamba munkalowa singano, pano mukulowa chala changa chaching'ono. Achimwene anu apachikapo kalendala.

Tsono za chithunzi chija. Sabata yatha kunabwera Amalume anu a Chimtali, amene aja akakhala pampando mapazi safika pansi. Anabwera ndi madandaulo, akuti analonjezedwa jekete koma atangojambulidwa analandidwa. Ndinawapatsa tiyi, nkhani inatuluka yonse. Ngalandeyo achimwene anu inkawafika m'mawondo. Ndiye anatuma uthenga kwa amalume kuti abwere msanga pali ntchito ya banja. Ataimamo inawafika m'chiuno, achimwene anu anati sizikukwana. Anayala thumba la simenti pansi n'kuwauza agwade. Chipewa chinali choti musawadziwe. Amalume akuti anagwada nthawi yaitali chifukwa wojambula ankadikira dzuwa lituluke mumtambo, ndipo podzuka anachita kuwanyamula m'khwapa.

Ndinawafunsa achimwene anu chifukwa chimene anachitira zimenezi kwa mlongo wawo. Anati, "Iwe, anthu akunja sabwera. Amamangira akangaude. Chipinda cha munthu wakunja chimangofunika kukongola pachithunzi." Pano asungiramo matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo onse aunjikana kungodya komwe kunapita lalanje.

Amayi salankhula za chipindacho. Nditawafunsa chimene anakanira, anati mwini chipinda akadzawafunsa adzayankha. Madzulo aliwonse amachotsa kalendala, kuyeza mng'alu ndi chala, n'kubwezerapo. Kumwamba kwayamba kuda, Alamu, mvula siili kutali.

Mukapeza wobwera kuno, ine ndimavala nambala sikisi, zakuda, zopanda chidendene chachitali.

Ndine mlamu wanu.

10 Novembala

Achimwene,

Moni sindikupatsani, ndilibe wotsala. Musafunse kuti wandiuza ndani. Ndinangotenga chithunzi chija n'kuchiyang'ana bwino, ndipo makutu otuluka pansi pa chipewa aja mtundu wathu wonse ali nawo munthu mmodzi. Fosholo ija sinali yaikulu. Nkhalamba yoiwala mwana wake inaona tsiku lomwelo chimene ine wanzeru zanga ndinachiseka.

Munagwaditsa amalume m'ngalande, Achimwene. Mlongo wawo wa Amayi, munthu wa imvi, munamugwaditsa pathumba la simenti atavala jekete la ukwati wanu, kenako munamulanda jeketelo. Mukanawagoneka chagada bwenzi mutandiuza kuti ngalande yapitirira mutu. Paja amati Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Inu khomo munaika, kungoti silitseka.

Tsopano mumve zimene sindinafune kunena chipinda chisanathe. Sindikubwera kutchuthi. Ndikubwera basi. Msana wanga dokotala anauletsa kunyamula munthu, ndipo kuntchito kwathu wosanyamula alibe ntchito. Mapepala ondilola kukhala kuno amatha ndi ntchitoyo. Ndinadziwa kuyambira mu Epulo, ndipo ndinachita manyazi kulemba kuti mlongo wanu wakunja akubwerera ndi masutikesi awiri ndi lamba wa msana. Chipinda chimene mwaikamo chakudya cha nkhukucho ndi chokhacho chimene ndili nacho padziko lapansi. Zaka khumi ndi ziwiri zili pamenepo, pamwamba pa felemu ya njinga.

Ndifika pa 20 Disembala, tikiti ndagula. Mukamupepese mmisiri woyamba uja, mugwade inuyo ulendo uno, abwere aone ngati pali chopulumutsa. Bedi la Amayi mulichotse pansi pa khoma limenelo lero lomwe. Kaya akundifuna kaya sakundifuna, ndi amayi anga.

Mlongo wanu.

27 Novembala

Chemwali,

Ine moni ndikupatsa, chifukwa ndinaleredwa. Tonse tili bwino, ngakhale ndazindikira kuti m'nyumba muno muli khoswe wodziwa kulemba.

Za msana wako pepa, zandikhudza. Koma nawenso unalakwa. Ukanandiuza poyamba kuti udzagonamo, tikanakumba. Munthu sungalamule chipinda osanena ntchito yake. Ine ndinkadziwa kuti ndi cha masiku khumi pa zaka zitatu zilizonse, ndiye ndinaona kuti kukwirira chuma chako pansi pomwe palibe amene adzachione ndi kuwononga. Ndinakuikira pamwamba, pa penti ndi malata, pomwe anthu amaona n'kumati mwana wa m'nyumba iyi ali kunja.

Za amalume usandinamizire. Unati munthu aime m'ngalande. Amalume ndi munthu, ndipo msinkhu sunatchule. Zogwadazo mawondo ndi awo, ine sindinawapinde.

Mmisiri wa golide ndinamupeza. Anazungulira chipinda kamodzi, anakana kulowamo, ndipo anati tidule zitsulo zogwirizanitsa makoma ndi kugwetsa chipindacho tokha chisanasankhe chokha kogwera. Wamva nsanje yake? Mnzanga wa diso uja akuti nyumba yatsopano imayamba yakhazikika kaye, ili ngati nsapato, imafuna izolowere phazi. Mng'alu tamata ndi pulasitala n'kupakapo penti, moti sungadziwe pomwe unali kupatula pomwe watulukanso. Kunja tachirikiza ndi mitengo itatu, si kuti pali vuto, ndi ulemu chabe kwa mvula. Bedi la Amayi ndinafuna kulisuntha, anandithamangitsa ndi tsache.

Maganizo anga monga mkulu wako ndi oti usathamange. Ulibe mnzako kumeneko woti akusunge mpaka mvula ithe? Tikiti amasintha tsiku. Ukabwera mu Epulo udzapeza zonse zakhazikika. Ngati pali kanthu kotsala utumize, mitengo itatu ija ikufuna inzake iwiri.

Mkulu wako, amene ntchito yake siyamikidwa.

8 Disembala

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi alamu ako, ndipo ndawauza kuti akamaliza andiwerengere liwu ndi liwu, chifukwa ndaphunzira kuti m'nyumba muno mawu anga amafupika akamalowa m'kalata. Moni. Ine ndili moyo, ndiyambe ndi pamenepo.

Chipinda chako chapita Lachiwiri masana. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Itangodukiza pang'ono ndinatuluka kukayanika bulangete, ndipo ndili pachingwe ndinamva kumbuyo kwanga kukulira ngati munthu akuthyola nkhuni. Ngodya ya kumunsi inamira kaye, mitengo ya mlongo wako inagwa ngati yaledzera, kenako chipinda chonse chinapendama n'kukoka khoma langa. Anazimangirira bwino ndithu, sizinasiyane. Bedi langa lili pansi pa njerwa. Khoma limenelo Bambo ako analimanga ndi manja awo chaka chimene tinakwatirana, ndipo linali lisanang'alukepo mpaka chaka chino.

Tsopano umve zimene ndinanena tsiku la mpando. Pamalo pamenepo panali chitsime. Bambo ako anachikumba madzi a m'mipope asanafike, chakuya moti munthu akalowa ankaoneka ngati mwana. Iwe uli wokwawa, tsiku lina ndinakupeza wagwira m'mphepete ukusuzumira. Bambo ako sanadye tsiku limenelo. Anaponyamo chilichonse chomwe anachipeza, njinga yawo yakufa, bedi lakale, mbale, zinyalala za chaka chonse, n'kuthira dothi pamwamba. N'chifukwa chake udzu wa pamenepo suuma. Ndinamuuza mlongo wako zonsezi pamaso pa mmisiri. Ndinati mulembere mwanayo kuti pansi pali chitsime, amange kumaso komwe kuli mwala, ndimupatsa bwalo lonse ngati akufuna. Koma kumaso kuli galimoto yake ija yopanda matayala, imene wakhala akuikonza zaka zisanu ndi ziwiri ndi pakamwa. Anati chitsime cha kalekale chinaiwala kuti chinali chitsime.

Dzulo ndi pamene alamu ako andiwerengera makalata onse, ako ndi a mlongo wako, paja iye amayamba walemba m'kope asanakopere papepala lotumiza. Ndamva kuti ndinazolowera kukhala popanda iwe. Mlongo wakoyo ndamulanga kale. Ndamutulutsa m'chipinda chimene unakuliramo, ndalowamo ine. Alamu ako akugona pabalaza, ndipo akuti ndilembe kuti iwo sanakwatiwe ndi galimoto. Iye akugona m'galimoto momwemo, akuti mipando yake ndi yabwino kumsana. Malata ndi njerwa zomwe zatsala mmisiri woyamba uja akutola, akuti zingakwane kutseka khoma langa. Za chipinda chatsopano, palibe chotsala choti ndikunamize nacho.

Koma iwenso ndili nawe mawu. Mlongo wako ndi wabodza, unanena wekha kuti umamudziwa. Pa ngalande unamufuna chithunzi. Pa mayi ako sunafune umboni uliwonse, unangokhulupirira. Unakafunsa nkhalamba ya eni za dothi la kuseri kwanga, ine ndakhala ndikulipondaponda zaka makumi anayi ndi zisanu. Foni ikalira ndinkakhala pafupi, ndinkamva mawu ako akutuluka pang'onopang'ono, ndikudikira kuti unene kuti apatseni Amayi. Miyezi isanu sunanene. Nanenso ndinauma mutu, ndinati mwini chipinda adzandifunsa yekha, ndipo kuuma mutu kwanga kwandidyera khoma. Koma zandipweteka, mwana wanga, kuposa njerwazo.

Tikiti usasinthe. Masutikesi awiriwo alowa pansi pa bedi, ndayeza kale ndi tsache. Bedi ndi limodzi, laling'ono, lako lomwe lija. Iwe udzagona kukhoma, ine makoma ndasiya kuwakhulupirira.

Ndine mayi ako.